Chaka Chimene Alamu Anga Anaweta Agulugufe

Anthu ena chaka chija amachikumbukira chifukwa cha mvula imene inadula pakati, ena chifukwa cha mizere yogulira chimanga imene tinkaimapo mpaka miyendo kutupa. Ine ndimachikumbukira chifukwa cha agulugufe ndi alamu anga a Dishoni. Lero ndimapikula masamba a anthu ena pamsika wa Tsoka n'kumagulitsa timilumilu, koma nthawi imeneyo ndinali ndi dimba langa, ndipo ndi limene linkatisunga.

Dimbalo linali ku Area 15, pa puloti yosamangidwa yotsetserekera kudambo la Lingadzi. Malowo anali a mayi Gondwe, amene ndinawachapira zovala zaka zambiri pamene ankagwira ntchito ya boma ku City Centre. Atapuma pantchito anaika munthu wa lendi m'nyumba yawo n'kubwerera kwawo ku Rumphi, koma puloti yoyandikana ndi nyumbayo anandisiyira kuti ndizilimapo, kuopa kuti ingasanduke tchire. Lamulo linali limodzi, ndipo silinali lachilendo. Kwathu ku Malingunde ngakhale mwana amadziwa kuti pamalo obwereka sudzalapo mtengo. Chimanga umakolola n'kuchoka, koma mtengo umatsala, ndipo tsiku la mlandu wa malo anthu amafunsa kuti anadzala ndani.

"Amake Tiya," anatero tsiku limene ankanyamuka, "masamba, chimanga, mbatata, chilichonse limani. Koma mtengo ayi, ngakhale papaya."

Ndinavomera, ndipo zaka zonse ndinasunga mawu amenewo. Mango akamera okha padzala ndinkawazula adakali ndi masamba ofiira.

Okutobala

Mtauni monse munali fumbi lokhalokha kupatula dimba langa, chifukwa kumunsi kwake ndinakumba chitsime chimene sichinkaphwa. Choncho chamoyo chilichonse cha ku Area 15 chinkadzadya kwa ine. Apusi ankatsika m'mitengo ya kumtsinje kudzathyola tomato, kuluma kamodzi n'kutaya. Ng'azi inkagona kuseri kwa mulu wa manyowa. Apumbwa, mpheta, nkhono, ziwala, onsewo anali alendo osaitanidwa. Achule ndi abuluzi ndinalibe nawo mlandu, pajatu amadya tizilombo. Bilimankhwe ndinkangomulambalala. Koma agulugufe ndinkadana nawo kuchokera pansi pa mtima. Amatera patsamba ngati akungopuma, pakapita masiku tsambalo ladzaza mbozi, ndipo pa Tsoka palibe mayi amene amagula repu wamabowo.

Mwezi womwewo kunatulukira alamu anga, mkulu wawo wa amuna anga. Anati abwera kudzafuna ntchito. Zoona zake n'zakuti kumudzi nkhokwe zinali zitauma kale, ndipo iwo munda wawo anali atausiyira tchire. Anafika ndi kachikwama, foni ya galasi losweka, ndi malaya obiriwira olembedwa za chilengedwe amene anawalandira pa wekishopu inayake. Malaya amenewo ndiwo anali sukulu yawo yonse, ndipo ankawavala ngakhale kutchalitchi.

Ife tinkakhala m'tizipinda tiwiri kuseri kwa nyumba ina ku Area 4. Amuna anga, bambo a Tiya, ndi telala wa pakhonde la sitolo ku Old Town, munthu wabwino koma wofewa ngati phala akakhala pamaso pa achibale ake. Anawayalira akulu awo mphasa pabalaza, ana athu awiri n'kupanikizana ndi ife kuchipinda. Ntchito imene inkafunidwayo sinapezeke, chifukwa wofunayo ankadzuka dzuwa litakwera.

Novembala

Mvula yoyamba inagwa mwamphamvu, tonse tinathamanga kukadzala, kenako inangoti zii. Chimanga changa cha kumtunda kwa puloti chinamera n'kupserera. Pamsika mtengo wa chidebe cha chimanga unkakwera m'mawa, n'kukweranso madzulo a tsiku lomwelo. Anthu anasiya kusoketsa zovala, bambo a Tiya ankangokhala pamakina n'kumathamangitsa ntchentche. Pakhomo ponse tinayamba kudalira dengu langa la masamba.

Ndinawauza amuna anga kuti akulu awo azikandithandiza kuthirira. Anabwera ndithu, koma kuthandiza kwake kunali kukhala pamthunzi wa mpanda wa mayi Gondwe n'kumandiuza kuti mabedi anga sanawongoke.

Loweruka lina kunadutsa gulu la anthu aja amayenda m'mbali mwa mtsinje ndi magalasi oonera mbalame, a m'maofesi pamodzi ndi azungu angapo. Anaima pamalire a dimba n'kuyamba kujambula agulugufe amene anaunjikana pamatope a pachitsime. Ine ndinapitiriza kupalira, chifukwa anthu okhuta amasangalala ndi zinthu zodabwitsa. Koma alamu anadzambatuka, kukonza kolala ya malaya aja, n'kukayamba Chingerezi chothyokathyoka. Mayi wina wa m'gululo anawauza kuti agulugufe aakulu, akuda a mawanga achikasu, amaikira mazira pamasamba a mandimu, ndipo kuti kumayiko ena anthu amalipira kuti akaone agulugufe.

Pobwerera kunyumba alamu sanatseke pakamwa.

"Alamu, inu mukukhalira golide osadziwa. Iyi ndi pulojekiti."

"Pulojekiti ya mbozi?"

"Vuto lanu simunaphunzire za envayiromenti. Tikadzala mandimu pajapa, agulugufe adzadza, azungu adzadza, mabungwe adzadza."

"Pamalo paja sipadzalidwa mtengo. Ndi pa eni ake."

"Zimenezo ndi za kumudzi. Kuno n'kutauni."

Ndinatsonya n'kuwasiya. Ndinkaganiza kuti munthu amene sanyamula kheni yothirira sangakumbe dzenje.

Disembala

Mvula inabweranso ndipo tinabwereza kudzala ndi mbewu yopempha. Ngumbi zinatuluka pachulu cha kumunsi, ndinazitchera ndi beseni la madzi, ndipo masiku angapo tinadya ndiwo zamafuta. Alamu ankadya ngumbizo mochita kutapa ndi dzanja lonse, ngakhale zinali za envayiromenti.

Kenako kunadutsa agulugufe oyera ochuluka, tsiku lonse akuuluka kulowera mbali imodzi. Amayi a pa Tsoka anati chimenecho n'chizindikiro cha njala, ena anati ndi cha matenda. Ine ndinati ndi chizindikiro cha mbozi, ndipo ndinasinja masamba a nimu ndi tsabola n'kuwaza repu yense. Alamu anandipeza ndikuwaza n'kugwira mutu ngati ndapha mwana wa munthu.

"Mukupha makasitomala, alamu."

"Makasitomala anga ali pa Tsoka. Awa ndi akuba."

Khirisimasi chaka chimenecho inadutsa ngati Lachiwiri wamba. Tinadya nkhwani ndi mgaiwa, ndipo wodandaula kuti mulibe mafuta anali mlendo uja.

Januwale

Chimanga chitafika m'mawondo mvula inadula. Masamba ake anapota, ndipo ntchemberezandonda zinalowa m'mitima yake. M'mawa uliwonse ndinkayenda phando ndi phando kuthira dothi losakaniza ndi phulusa, nthawi zina msuzi wa usipa kuti nyerere zibwere kudzadya mbozizo. Mphekesera zinali mbwee: kuti chimanga chilipo chambiri koma akuluakulu akuchibisa, kuti wina wagulitsa ufa wosakaniza ndi mchenga, kuti lole ya chimanga chotsika mtengo ifika mawa. Mawa limenelo tinaliimira pamzere kangapo n'kubwerako ndi matumba opanda kanthu.

Tsiku lina ndinafuna kheni yanga yachiwiri, osaipeza. Ndikufunafuna m'chimanga ndinaona timitengo tamasamba onyezimira titandandalikidwa mzere umodzi, ndendende pamalire a puloti. Zinali mbande za mandimu. Alamu anali atasinthanitsa kheni yanga ndi mbande kwa anthu a nazale a m'mbali mwa msewu. Akanadzala pakati pa dimba ndikanati n'kupusa chabe, koma pamalire! Munthu wofuna kulanda malo ndi mmene amayambira. Ndinazula zonse n'kuziponya padzala.

Mlandu umene unabuka pamenepo ndimauseka lero, koma tsiku limenelo ndinalira ndi mkwiyo. Alamu anaimbira foni alongo awo kumudzi, alongowo anaimbira amalume awo, ndipo pofika madzulo nkhani inali yakuti mkazi wa Lekani wazula zimene wadzala mkulu wa mwamuna wake ndi manja ake, ndipo kuti pakhomo paja tambala ndi mkazi. Lekani ndi dzina la amuna anga. Palibe amene anafunsa za kheni, kapena kuti malowo ndi a ndani.

"Pepesani basi, amake Tiya," anandinong'oneza bambo a Tiya. "Ndi akulu anga awa."

"Nanga mayi Gondwe akadzaona?"

"Aja amabwera pa Pasaka. Pofika nthawi imeneyo akulu adzakhala atatopa nazo. Ndidzazula ndekha, ndikulonjeza."

Ndinagwada n'kunena pepani kwa munthu amene ankadya thukuta langa. Mawuwo anatuluka, koma m'kamwa munali mowawa ngati ndatafuna nimu.

Febuluwale

Uwu ndiwo unali mwezi wa njala yeniyeni. Tinayamba kudya kamodzi patsiku, dzuwa litapendeka. Kuchigayo madeya ankalimbirana anthu ndi oweta nkhumba. Mayi wa khomo loyandikana nafe anagulitsa matilesi, wina anatumiza ana kumudzi kumene kunalibenso kanthu. Tiya anakomoka pamzere kusukulu. Bonongwe ndi chisoso, zimene kale ndinkapalira n'kutaya, zinasanduka katundu wa pamsika. Mbewa za m'dimba zinatha, chifukwa alonda a m'nyumba zoyandikana ankalumpha mipanda ya mabwana awo kudzakumba.

Alamu sanatope nazo. Anatola mbande zija padzala n'kuzidzalanso pamalo pomwepo. Tsopano, poti anali atawina mlandu, anachita modzionetsera. Anatola njerwa zosweka, kuzungulira mtengo uliwonse, n'kupaka laimu kuti pawale ngati pabwalo la ofesi ya boma. Munthu amene sanathirirepo bedi limodzi la mpiru ankatunga madzi m'chitsime changa, chimene chinali chitatsika mpaka pamatope, n'kumakathira timitengo take m'mawa ndi madzulo. Ndikafika ine ndinkapeza achule ali pamtunda ndipo ndinkadikira kuti madzi abwerere.

Agulugufe aakulu aja anabweradi. Anaikira mazira, ndipo pamasamba a mandimu panatuluka timbozi tooneka ngati zitosi za mbalame. Alamu ankatijambula ndi foni yosweka ija, n'kumationetsa ana anga amene m'mimba munali mukulira.

"Taonani, ana inu, chuma chikubwera."

Ndinkawakumbutsa bambo a Tiya za lonjezo lawo mlungu uliwonse. Yankho linali limodzi, lakuti Pasaka idakali kutali ndipo akusakasaka mawu abwino owauzira akulu. Telala amene amadula nsalu ya ukwati wa munthu osanjenjemera ankalephera kuzula kamtengo kofika m'bondo.

Malichi

Mvula inabwerera, ndipo chimanga chimene chinapulumuka chinabereka. Sichinali chambiri, koma ndikachiyang'ana ndinkaona kuti chikauma chitifikitsa m'nyengo yozizira. Maungu anayala, nyemba zinachita maluwa, njuchi zinali ng'ung'ung'u tsiku lonse. Kwa nthawi yoyamba chaka chimenecho ndinayamba kupuma bwino. Ndinatsimikiza mumtima kuti sabata ya Kanjedza ndidzazula mandimu aja ndekha, amalume anene zimene anganene.

Mayi Gondwe sanadikire Pasaka. Anabwera msanga kudzaonana ndi dokotala wa maso, ndipo sanauze munthu. Tsiku limenelo ine ndinachedwa pamsika. Ndikutsika kanjira ka kudimba, dengu lili pamutu, ndinamva mawu a alamu, aja amalankhula akaona munthu wovala bwino. Anali ataima pamzere wa mandimu ndi mayi wa ambulera ndi magalasi akuda. Alamu anali asanawaonepo mayi Gondwe, ndipo anawayesa mmodzi wa anthu oona mbalame aja.

"Apa, mayi, n'poyambira chabe. Mzere uwu ndi malire athu a kumtunda. Chaka chamawa tidzala mbali zinazi, kenako mpanda, kenako geti. Mukadzabweranso mudzalipira polowa."

"Malire anu," anatero mayi Gondwe.

"Eya, athu. Banja lathu lakhala pano zaka zambiri. Mwini wake wakale anapita kwawo kumpoto uko, kaya adakali moyo kaya, sitimva."

Ndinatula dengu n'kugwada pamzere wa nyemba.

"Amayi, mwafika."

"Ndafika, amake Tiya. Ndidakali moyo."

Alamu anayang'ana ine, kuyang'ana mayiwo, kenako anayamba kumangirira batani la malaya limene linali lomanga kale.

"Amayi, si ine ndinadzala. Awa ndi alamu anga. Ndinazula, anadzalanso. Ndimati ndizule Pasaka isanafike."

"Kuti ine ndisaone."

Zinali zoona.

"Ine ndinabwereka inu, amake Tiya. Bambo awa sindiwadziwa." Sanakweze mawu, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa kukalipa. "Mnzanga wa ku ofesi anaika mlonda papuloti yake. Mlondayo anadzala mango. Lero ali kukhothi, ndipo mboni zikulumbira kuti mitengo ndi ya mlonda. Ine ndine wamasiye, maso akufa. Ndilibe mphamvu zoyenda m'makhothi."

"Ndizula pompano, amayi, inu mukuona."

"Musavutike. Ndimanga mpanda. Njerwa zibwera mwezi ukatha. Chimene chakhwima chotsani."

"Chimanga sichinaume, amayi. Mungotipatsa mpaka Meyi."

"Ndinakupatsani zaka."

Anatembenuka n'kukwera kanjira pang'onopang'ono, akufufuza poponda ndi nsonga ya ambulera. Sindinawakwiyire, ndipo mpaka lero sindiwakwiyira. Ndikanakhala ine ndikanachita chimodzimodzi.

Epulo

Lole ya njerwa inabwera monga ananenera, n'kukhuthula katundu wake pamabedi a mpiru. Chimanga tinathyola chili chachiwisi. China ndinagulitsa chootcha pamsewu, china ndinayesa kuyanika padenga la malata ku Area 4, koma chinachita nkhungu n'kuda. Nyemba zinazulidwa zili ndi maluwa. Maungu ndinatuta ndi Tiya pamutu, okhwima ndi osakhwima omwe. Omanga anakumba maziko kuzungulira puloti yonse, chitsime changa n'kutsalira m'kati. Apusi anakhala pamulu wa njerwa n'kumationerera.

Anzathu amene anali ndi minda anayamba kudya zatsopano, nkhope zawo zinabwerera. Kwa ife njala inali ikungoyamba kumene. Bambo a Tiya anapita kukapepesa kwa mayi Gondwe asanabwerere ku Rumphi, koma anakathera pageti. Atabwera kunyumba sanandiyang'ane kumaso.

Ndinkayembekeza kuti alamu alongedza kachikwama kawo mwamanyazi. Anakhala. Anati thiransipoti yavuta, ndipo kumudzi sikunayambe kukolola bwinobwino. Tsiku limene omanga anatseka mbali yomaliza ya mpanda, ndinaphika maungu amene anatsala, ang'onoang'ono amadzimadzi. Panalibe china. Alamu anali atakhala pampando wokhawo wa m'nyumba, akupukuta galasi la foni.

"Amayi ajatu alibe masomphenya," anatero. "Anthu akumpoto ndi choncho, amaphunzira koma bizinesi saidziwa. Ine ndikanawapangira ndalama pamalo paja."

Ndinagawa maungu m'mbale zinayi, ya Tiya, ya mng'ono wake, ya bambo awo ndi yanga. Mbale ya alamu ndinaisiya pathandala, yovundikira, yopanda kanthu. Chikwatiwire ndinali ndisanamanepo munthu chakudya, ngakhale wamisala wodutsa pamsewu, ndipo ndinkadziwa kuti nkhani imeneyi ikafika ku Malingunde amayi anga adzachita manyazi kutuluka panja. Sindinasinthe maganizo.

"Amake Tiya," anatero amuna anga motsitsa mawu, "nanga akulu?"

"Akadye ku Area 15. Ali ndi mitengo kumeneko."

Ana anaweramira m'mbale zawo. Ndinkafuna kuti bambo a Tiya anene chinachake, andikalipire kapena awakalipire akulu awo, chilichonse. Iwo anayang'ana maungu awo kanthawi, munthu amene kuyambira dzulo lake anali asanalawe kanthu, kenako anadzuka n'kukaika mbale yawo pamiyendo pa akulu awo.

Alamu anasamba m'manja n'kudya zonse, osasiyako ngakhale khoko.